Chikwama cha mwana: zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Zikomo a mfumu potipatsa bwaloli, zikomonso amayi, abambo ndi agogo nonse. Amene muli padzuwa senderani kuno kumthunzi. Lero tikambirana za chikwama chonyamulira matewera ndi zovala za mwana popita kusikelo, kumsika, kutchalitchi kapena kumzikiti.

Tiyambe ndi lamba, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Kuno mwana amakhala kumbuyo, m'chitenje. Ndiye chikwama cha malamba awiri ngati cha ana asukulu chija muchibereka pati? Chimenecho chimathandiza ngati anyamule ndi bambo kapena mlezi. Mayi wobereka mwana amafunika cha lamba mmodzi wamtali, wopingasa pachifuwa, chikwamacho chizikhala m'chiuno chakutsogolo. Mukakwera kabaza kuchokera pa M'baluku kuwoloka mlatho wa Shire, chimakhala pamiyendo, manja onse ali omasuka. Lambayo akhale wotambalala masentimita 4 kapena 5. Wowonda ngati chingwe amacheka phewa musanafike n'komwe. Yang'ananinso pamene lambayo walumikizana ndi chikwama: asoke kabokosi ndi mtanda pakati. Akangodutsitsa mzere umodzi wa ulusi, padzathothoka pomwepo, tsiku lomwe mwadzaza katundu.

Kukula kwake, masentimita 40 m'litali, 30 msinkhu ndi 15 m'mimba n'kokwanira ulendo wa tsiku limodzi. Chikaposa apo mumayamba kulongedza nyumba yonse. Chili chopanda kanthu chisapitirire kilogalamu imodzi.

Tsopano nsalu. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa. Zikwama zonyezimira zachikopa chabodza zija zimakongola pashelefu, koma zikapsa ndi dzuwa zimasupuka, tizidutswa n'kumamatira pa zovala za mwana. Sankhani nsalu yolimba ngati ya tenti kapena ya jinzi, mkati mwake muli nsalu yosalowa madzi, yoti mungoipukuta ndi kansalu ka sopo. Mkatimo mukhale mowala. Mukakhala mwakuda, pini ya thewera ikagwera pansi mudzaipeza ndi chala, itakubayani kale.

Zipi muyeseni musanagule, makamaka pa kaunjika. Mutsegule ndi kutseka kasanu ndi dzanja limodzi, poti linalo limakhala litagwira mwana. Zipi wa mano akuluakulu apulasitiki amapirira mchenga wa kunyanja kuposa wa mano ang'onoang'ono. Akayamba kulimba musamukoke mwamphamvu. Tsukani mchengawo ndi mswachi wakale, kenako pakani kandulo m'manomo.

Ndikhalitse pa matumba a mkati, chifukwa nkhani ya matenda ili pamenepa. Pafunika zigawo zitatu zosakhudzana: cha zouma, cha zonyowa, ndi cha zolowa m'kamwa mwa mwana, monga kapu ndi supuni. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'boma lathu lino la Mangochi, ndipo chimbudzi cha mwana chimafalitsa matenda chimodzimodzi cha munthu wamkulu. Thewera lakuda likagona pamodzi ndi supuni, mwasakaniza chimbudzi ndi chakudya. Choncho tengani kathumba kosalowa madzi kotseka bwino, ka matewera akuda okha, kazikhala m'thumba lakunja. Mukafika pakhomo tulutsani nthawi yomweyo. Thewera lonyowa likatsekeredwa pa kutentha kuno limanunkha mkodzo wolasa m'mphuno, ndipo chikwama chimachita chuku m'makona. Amene mumagwiritsa ntchito mapampasi, bwererani nawo kunyumba; musawataye pagombe kapena m'tchire, agalu amawakoka mpaka pakhomo pa anzanu.

Nanga muikamo chiyani? Khanda limasintha matewera 8 mpaka 10 patsiku, ndiye pa ulendo wa kusikelo, komwe mzere umatha kufika masana, tengani asanu. Zovala zosinthira ziwiri, chitenje chapadera chimodzi, chipewa cha dzuwa. Kansalu koyala posintha mwana, ka masentimita 60 kwa 40, kapulasitiki kunsi. Pindirani mkati mbali yomwe mwana wagonera. Sopo m'kabokosi kake ndi botolo la madzi othira WaterGuard osambira m'manja. Paketi imodzi ya Thanzi, ufa wosungunula m'madzi womwetsa mwana akatsegula m'mimba, isasowe. Mafuta odzola aja amasungunuka m'minibasi yopita ku Monkey Bay kapena Namwera, ndiye tsekani kwambiri ndipo muwakulunge pawokha.

Buku la kuchipatala la mwana likhale ndi thumba lakelake la zipi, litakulungidwa m'pulasitiki. Likanyowa inki imafufutika, ndipo alangizi a zaumoyo amavutika kudziwa ngati mwana analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14.

Amayi akumbuyoko akufunsa za botolo la mkaka. Mwana wosakwana miyezi 6 amayamwa mwakathithi, choncho matumba ambirimbiri a mabotolo amene amakwezera mtengo wa chikwama simukuwafuna. Akapitirira miyezi 6, thumba limodzi loimika fulasiki ya phala ndi lokwanira. Ngati achipatala anakulangizani mkaka wa m'chitini, nyamulani ufa ndi madzi owiritsa padera, musungunule pomwe mwana akufuna kumwa. Wosungunula kale ukatha maola awiri, tayani.

Za kukongola sitikukana, mayi aliyense amafuna kutchena. Koma maluwa omata, timikanda ndi mabatani onyezimira zimathothoka, mwana n'kuika m'kamwa. Njira yabwino ndi kupita kwa telala ndi mita imodzi ya chitenje chomwe mwachikonda, nsalu yolimba yapakati ndi yosalowa madzi yamkati, n'kumuuza miyeso tatchula ija. Chitenjecho muyambe mwachichapa, kuti chikafuna kusuluka kapena kufupika chitero chisanasokedwe. Posankha mtundu kumbukiraninso bambo. Ee, musaseke abambo, nanunso muzinyamula. Chabuluu, chobiriwira kapena chakhofi amachikoleka paphewa osayang'ana uku ndi uku.

Sabata iliyonse khuthulani zonse, gwedezani nyenyeswa zoitana nyerere ndi mphemvu, chapani, ndipo muyanike chotembenuza mpaka m'makona muume. Apa tabweretsa zikwama ziwiri, china cha pa kaunjika, china chosoka kwa telala. Ziyende m'manja kuyambira uko kwa agogo, aliyense ayese zipi ndi dzanja limodzi.