Kambalame ka magalamu 3 kokana kugawana maluwa: nkhondo ya hummingbird

Taonani kanthu aka! Kulemera kwake magalamu 3 okha, koma kapirikitsa mnzake mpaka kuseri kwa nyumba, n'kubwerera kudzatera pa nthambi yomwe ija ngati mlonda wa pageti. Mwaswera bwanji abale anga, takulandirani. Lero tili pa hummingbird, ndipo pali bodza lina limene ndikufuna tilikwirire lero lomwe. Musachoke.

Mwachangu: mbalamezi kwawo ndi ku America kokha, kuyambira ku Alaska mpaka ku Tierra del Fuego, mitundu yoposa 300. Kuno kulibe. Timbalame tonyezimira timene mumationa pa maluwa ku Zomba kapena ku Chipata ndi choso, banja lina. Choso kawirikawiri chimatera kaye n'kumamwa, pamene hummingbird imaima m'malere, ikafuna n'kuuluka chafutambuyo.

Choyamba, ukali wonsewu ngwachiyani? Njala. Mapiko akukupiza ka 50 pa sekondi, mtima ukugunda kopitirira ka 1,000 pa mphindi. Thupi lotere silisunga kanthu. Usiku kukazizira, mbalameyi imaziziritsa thupi n'kungoti zii ngati yafa, kuti mphamvu zifike m'mawa. Duwa nalo likamwedwa limatenga nthawi kuti timadzi tibwereremo. Mlendo akamwa, mwinimunda wagona ndi njala.

Chachiwiri, kamenyedwe. Imayamba ndi kulalata, kenako imatukumula nthenga zapakhosi kuti ziwale, n'kutambasula mchira. Wobayo akapanda kumva, liwiro. Ngakhale njuchi ndi agulugufe zimathamangitsidwa. Katswiri wa ndewu ndi rufous hummingbird, yofiirira ija, imene imayenda ulendo wochokera ku Mexico mpaka ku Alaska. Ikaima panjira m'munda wa munthu, imalanda maluwa kwa mbalame zoiposa msinkhu.

Ngati mwafika pano, dinani like, dinaninso subscribe ndi kabelu kaja. Zimatithandiza kwambiri kuti YouTube itionetse kwa ena.

Tsopano bodza lija. Ndaliwerenga kambirimbiri, ndipo limandiwawa: akuti yaimuna imalondera maluwa pofuna kuteteza mkazi wake ndi ana. Ayi! Abale, ayi. Hummingbird yaimuna ilibe banja. Ikakwerana ndi yaikazi, zathera pomwepo. Chisa amanga yekha mayi, ndi ulusi wa kangaude ndi tithonje ta zomera. Mazira awiri, ang'ono ngati nyemba, afungatira yekha. Ana adyetsa yekha, tizilombo ting'onoting'ono tosakaniza ndi timadzi ta maluwa. Bambo sabweretsa ngakhale kadontho.

Ndipo mvetserani apa, chifukwa mpamene anthu amadabwa. Mayi yemweyo akabwera kudzamwa m'munda wa yaimunayo, nthawi zambiri amathamangitsidwa ngati wakuba wina aliyense. Ndiye mundiuze, akuteteza banja liti? Zazikazi nazo zimalondera malo awoawo, makamaka pozungulira chisa. Tikamanena kuti bambo akusamala banja, tikumulanda ulemu mayi amene wagwira ntchito yonse, ndipo n'chifukwa chake bodzali sindilisekerera.

Wina alemba m'makomenti kuti, "Nanga ija imakwera m'mwamba n'kutsika ngati mwala pamaso pa yaikazi?" Zoona, Anna's hummingbird ya ku California imatero. Koma kumeneko n'kufunsira, si ulonda wa banja. Kaphokoso kakuthwa kamene kamamveka ikafika pansi sikachokera kukhosi, ndi mphepo ikudutsa pa nthenga zamchira. Wasayansi Christopher Clark ndi mnzake anatsimikiza zimenezi mu 2008 pojambula ndi makamera othamanga.

Chachitatu, kwa inu abale athu okhala ku Texas, ku Indiana, kulikonse ku America, amene mwapachika botolo la madzi a shuga ndipo kambalame kamodzi kalilanda. Musakathamangitse. Pachikani lina kuseri kwa nyumba, pamene sikangaone onse awiri nthawi imodzi. Kapena ikani ambiri, kuti kulondera kukakanike. Maluwa dzalani m'magulu otalikirana. Shuga woyera kapu 1, madzi makapu 4, osathira utoto wofiira, osathira uchi. Kukatentha, sinthani madziwo pakapita masiku awiri, botolo mutsuke.

Chachinayi n'chachifupi: si mitundu yonse imalondera. Ina imangozungulira njira yake, duwa ili, duwa ilo, tsiku ndi tsiku.

Ndisanaiwale, choso chathu nachonso chimalondera. Mu 1975 asayansi Frank Gill ndi Larry Wolf anaonetsa ku Kenya kuti choso cha mapiko agolide chimateteza maluwa a chomera chotchedwa Leonotis pokhapokha phindu likaposa mphamvu zotayika pothamangitsa anzake. Sabata yamawa tili pa choso chimenechi. Amene muli ndi maluwa pakhomo, khalani panja m'mawa mphindi 10, muone nthambi imene chimakonda kutera, mudzandiuze m'makomenti.