Chotupa chofanana ndi chinzake

Moni nonse a ku Mzuzu, a ku Chibavi, ku Katoto, ku Luwinga. Kuno ku Leeds ndangoweruka ntchito ya usiku mu wodi ya odwala ubongo, komwe ndine namwino, ndipo nkhani ya lero sindikanatha kuigonera.

Tinalandira mayi wina amene mutu unkamupweteka kwa miyezi yambiri, kenako anayamba kugwa ngati wa khunyu. Makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI anaonetsa chotupa pa kachikopa kokuta ubongo. Aliyense anati ndi meningioma, chotupa chomwe nthawi zambiri si khansa, chifukwa ndi chomwe chimapezeka kawirikawiri pamalo amenewo. Koma atadula kachidutswa n'kukayeza ku labu, zinapezeka kuti ndi lymphoma, khansa ya maselo oyera a magazi, mtundu wotchedwa marginal zone. Lymphoma zambiri zoyambira mu ubongo, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, n'zaukali, zimakula msanga. Koma ya marginal zone iyi ndi yosowa, imakula pang'onopang'ono, imakonda amayi azaka zapakati, ndipo pa chithunzi imafanana kwambiri ndi meningioma. Chithunzi chokha sichingathetse mlandu, pamafunika biopsy, kudula kachidutswa kuja n'kukayeza.

Apa ndiye mtima wanga uli. Mankhwala a dexamethasone kapena prednisolone amatha kuphwetsa lymphoma kwa kanthawi, moti dotolo akadzadula kachidutswa sapezamo kanthu, pomwe matenda akadalipo. N'chifukwa chake kuno madotolo amayesetsa kusapereka mankhwalawa biopsy isanachitike, pokhapokha moyo uli pachiswe. Ndiye abale anga, musagulire wodwala prednisolone pa famase chifukwa mnzanu anati amathandiza mutu.

Mayi uja anamuyezanso maso, HIV, mafuta a m'mafupa, anamujambula thupi lonse kuti aone ngati khansayo sinachokere kwina. Anamutenganso madzi a pamsana. Ndikudziwa mmene kwathu timaopera zimenezi, timati akakuchotsa madzi a pamsana basi wapita. Ayi ndithu. Amatenga ochepa kwambiri, ndipo thupi limapanga ena tsiku lomwelo.

Lymphoma yotereyi imamva bwino radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza cha makina, ndipo ambiri amakhala zaka zambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwathu wodwala wotere angathe chaka akumwa Panado kapena ali kwa sing'anga. Munthu wamkulu akayamba kugwa khunyu pomwe sanagwepo chibadwire, pitani naye ku Mzuzu Central Hospital, ndipo mufunse adotolo ngati pakufunika kujambula mutu.