Amplifaya yakale ndi Netflix: bwanji masipika akumbuyo sakulira?

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za amplifaya zija za homu fiyeta zakalekale, ma Yamaha, ma Onkyo, Denon, Pioneer, zimene anthu anagula nthawi ya ma DVD, kapena zija zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku UK ndi ku South Africa. Mukaika DVD masipika onse asanu amalira bwinobwino, sabufa mpaka kugwedeza mawindo, koma mukangolumikiza Fire TV Stick kapena Apple TV kuti muonere Netflix, mawu akungotuluka kutsogolo kokha, akumbuyo ali zii, penanso zonse kungoti duu. Ndiye munthu amaganiza kuti amplifaya yafa. Siinafe ayi, musathamangire nayo kwa okonza.

Nkhani yake ili chonchi. Mawu a 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabufa imodzi, amene amplifaya yanu inazolowera ndi Dolby Digital, inayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 1992 kenako n'kulowa mu ma DVD, ndipo mnzake ndi DTS ya 1993. Koma Netflix, Disney+ ndi Prime Video amatumiza ina, Dolby Digital Plus, penapake mudzaiona yalembedwa E-AC-3. Mayina akufanana eti, koma amplifaya yakale siimva Plus imeneyi. Zimene zimaimva zinayamba kuchuluka cha m'ma 2007, itabwera HDMI 1.3 ya mu 2006. Ndiye chinthu choyamba imitsani vidiyoyi, pitani mukaone kutsogolo kwa amplifaya yanu pamene pali timalogo tija. Ngati palembedwa Dolby TrueHD kapena Dolby Digital Plus, inu muli bwino, vuto lanu ndi masetingi chabe. Ngati pangolembedwa Dolby Digital ndi DTS basi, khalani pansi timalize.

Zili ngati ku tchalitchi kwabwera mlaliki wachizungu, agogo ali pa benchi akumva phokoso koma uthenga sukuwafika, pafunika womasulira aime pambali. Funso lonse la vidiyo ino ndi loti pa zipangizo zanuzo, womasulirayo ndani? Chifukwa pafunika china chake chisinthe Dolby Digital Plus kukhala Dolby Digital wamba isanafike ku amplifaya, ndipo ntchito imeneyi ingagwiridwe ndi kabokosi kanu koonerera Netflix, monga Fire TV Stick ndi Apple TV, kapena ndi TV yeniyeniyo. Ngati zonse ziwiri sizitha, mudzangomva sitiriyo.

[Kuonetsa kumbuyo kwa amplifaya]

Taonani apa, kabowo aka kotseka ndi kachitseko ndi ka optical, kebulo yake mukaisuzumira kunsonga imayaka kofiira. Anayambitsa ndi a Toshiba m'ma 1980, ndipo imanyamula zinthu ziwiri zokha: sitiriyo ya PCM, amene ndi mawu osapanikizidwa, kapena 5.1 yopanikizidwa ya Dolby Digital ndi DTS. Basi. Musadalire kuti Plus idutsamo, PCM ya machanelo ambiri siidutsa, TrueHD ndiye musalote n'komwe. Coaxial, ija ya pulagi ya olenji, malire ake ndi omwewo. Ndipo musapusitsidwe kugula kebulo ya optical yodula yokhala ndi nsonga zagolide, m'katimo mumadutsa kuwala, golide sathandiza chilichonse.

Tsopano tibokosi. Apple TV ndi imene imasokoneza anthu kwambiri chifukwa iyo imamasula yokha mawuwo n'kuwatumiza ngati PCM ya machanelo ambiri, zomwe ndi zabwino ngati amplifaya yanu imalandira mawu pa HDMI, koma zikadutsa pa TV kenako pa optical zimafinyika kukhala sitiriyo. Ndipo kuyambira ya 2015 anachotsa bowo la optical. Mankhwala ake alipo: pitani ku Settings, Video and Audio, Audio Format, yatsani Change Format n'kusankha Dolby Digital 5.1. Mwatha. Pa Fire TV Stick ndi ku Display & Sounds, Audio, Surround Sound, muchoke pa Best Available musankhe Dolby Digital yopanda Plus. Nvidia Shield ya 2019 ili ndi setingi yotchedwa Dolby audio processing, imagwira ntchito yomweyi. Roku ndiye chenjerani, ma Ultra ena amasintha koma zambiri zotchipa zimangodutsitsa zimene zalandira osasintha kanthu, zikaona kuti mbali inayo siimva Plus zimangopempha sitiriyo. Tibokosi ta Android topanda dzina tija todzaza m'mashopu, ine sindingakuuzeni kuti mugule ngati cholinga ndi 5.1 ya Netflix, tambiri tilibe ngakhale chilolezo cha Netflix choonetsera HD.

Pali chinanso chimene anthu sachidziwa. Kabokosi mukakalumikiza pa HDMI kamafunsa chipangizo chomwe kalumikizidwako kuti iwe umamva chiyani, zimenezi amati EDID, ndiye ngati kali pa TV kamamvera yankho la TV, amplifaya ili kuseri kwa optical sikaiona n'komwe chifukwa optical imangotumiza, siyankha. TV ikati ine ndi sitiriyo basi, kabokosi kamatumiza sitiriyo ngakhale muli ndi masipika asanu ndi limodzi pabalaza. N'chifukwa chake masetingi a TV ndi ofunika kwambiri, fufuzani pamene palembedwa Digital Audio Out kapena zofanana nazo, nthawi zambiri mupeza pali PCM, muchotsepo muike Auto, Bitstream, Pass Through kapena Dolby Digital, malingana ndi kampani. Ma TV ambiri a masiku ano amatha kusintha Plus kukhala Dolby Digital pa optical, koma alipo ena akale amene amatulutsa 5.1 ya ma app a m'kati mwake mokha, za pa HDMI amazifinya. Mukakumana ndi yoteroyo yesani Netflix ya mu TV momwemo, mwina muona zatheka.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangolumikiza kabokosi pa amplifaya mwachindunji ngati ili ndi HDMI? Ngati 1080p ikukukwanirani, chitani zimenezo, ndiyo njira yosavuta. Koma 4K imafuna HDCP 2.2, loko woteteza mafilimu kuti asakopedwe, ndipo amplifaya yakale ilibe, ndiye chithunzi chidzatsika kapena sikirini idzangoda. Komanso amplifaya zina zoyambirira zokhala ndi HDMI zinkangodutsitsa chithunzi osatenga mawu, muonetsetse m'buku lake. ARC, yobweza mawu kuchoka ku TV kupita ku amplifaya pa HDMI yomweyo, inabwera mu 2009 ndi HDMI 1.4, ndiye ya 2008 ilibe.

[Kuonetsa kasikirini ka kutsogolo kwa amplifaya]

Apa ndi pamene pamanena zoona, osati makutu anu. Filimu ikuseweredwa, kasikirini aka kalembe Dolby D kapena Dolby Digital, ndipo timabokosi ta masipika tiyake tonse. Mukaona PCM limodzi ndi PL II, dziwani kuti amplifaya yalandira sitiriyo ndipo ikungoigawa yokha ndi Pro Logic II kuti akumbuyo asagone. Siyoipa, pa mpira ndi nyimbo ine ndimaikonda, koma si 5.1 yeniyeni, galimoto yodutsa kumanzere kumbuyo simuimva pamalo pake. Ndipo poyesa musayese ndi vidiyo wamba ya YouTube, zambiri ndi sitiriyo, tengani filimu ya Netflix yolembedwa 5.1 pafupi ndi dzina lake.

Za Dolby Atmos, ija yomveketsa mawu ochokeranso kudenga, musadandaule nazo. Pa intaneti Atmos imabwera itakwera pamwamba pa Dolby Digital Plus yomweyo, amplifaya yomva Plus koma yosadziwa Atmos imangosiya mbali imeneyo n'kuliza 5.1, ndipo popanda masipika a kudenga palibe chimene mwataya kwenikweni.

Chomaliza, tizipangizo tija totchedwa HDMI audio extractor, tolowetsa HDMI n'kutulutsa optical. Anthu amatigula poganiza kuti tithetsa nkhaniyi, koma tambiri totchipa timangopatula mawu osawasintha, Plus ikalowa Plus yomweyo ndi imene ikuyesa kutuluka ndipo amplifaya ingokhala chete kapena kumangoti tsetsetse. Timathandiza pokhapokha ngati kabokosi kanu kakutumiza kale Dolby Digital wamba ndipo TV ndi imene ikukanirira, pamenepo ikani kaswitchi ka extractor pa 5.1 kuti kabokosi kauzidwe kuti njira ilipo. Mukaona milomo ya ochita filimu ikusemphana ndi mawu, fufuzani Audio Delay kapena Lip Sync pa amplifaya, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka zigwirizane. Ngati mawu ndi amene akuchedwa, zimitsani kaye zokometsera mawu za pa TV, chifukwa delay ya amplifaya imangochedwetsa, siifulumizitsa.