Ku Sitandade 1 kulibe popondapo, ku Sitandade 8 madesiki ali pululu

Zomwe anayankhula mphunzitsi wamkulu pa msonkhano wa makolo, pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

Zikomo a Gulupu, mafumu, a Shehe, abusa, amayi ndi abambo. Amene muli padzuwa senderani kuno kumthunzi wa mango.

Za Lachiwiri lija mwamva kale. Kamnyamata ka Sitandade 2 kanatuluka pa buleki osabwerera, n'kukapezeka madzulo kudoko katagona m'bwato. Mayi ake anafika pano akulira, mpango uli m'manja, ndipo funso lawo linali loona: aphunzitsi sanaone bwanji kuti mwana palibe? Ndikuuzeni mosabisa. M'kalasi imene ija muli ana opitirira 100, mphunzitsi mmodzi. Amakhala pansi, bondo pamsana pa mnzake. Mphunzitsi pofuna kufika kumbuyo amachita kudumphadumpha ngati akuwoloka dambo. Mmodzi atasowa pamenepo, inuyo mungaone?

Boma limafuna ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi. Kudzazaku sikunayambe lero ayi. Mu 1994, a Bakili Muluzi atathetsa fizi ku pulayimale, ana a sukulu m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha pa 3 miliyoni. Zinali zabwino, inenso ndinalowera pomwepo, tikuphunzirira pansi pa mkuyu, kulemba pamchenga ndi chala. Koma midadada ndi nyumba za aphunzitsi mpaka lero zikutsalira m'mbuyo.

Zimenezo ndi za boma. Zathu nazi. Mwana alowe Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo asamajombe. Ena mumabweretsa wa zaka 4, mamina ali chuu, mwati akadye phala. Ena mumasunga mwana mpaka zaka 10 akulera mng'ono wake, akabwera kuno ndi chimphona pakati pa tiana, anzake amuseka, basi wathawa. Wojomba nayenso sakhoza, amabwereza, ndiye mu Seputembala obwereza aja amakumana ndi atsopano m'chipinda chomwecho. Pansi pamadzaza choncho.

Tsono kasuzumireni ku Sitandade 8. Aja anadzaza Sitandade 1 kale lija ali kuti? Mwezi ukangolowa mdima, usipa ukagwa, anyamata ali panyanja kukoka khoka la chilimira usiku wonse, m'mawa akuyanika pathandala. Wina ndinakumana naye kudoko yunifolomu ili pathupi, akuti, “Aphunzitsi, lero ndapha kuposa malipiro anu.” Mukuseka! Nsomba zimenezo m'mazilandira ndinu, a bambo, musayang'ane kumbali.

(Mayi wina: “Pepani a hedi, nanga wamng'ono akamalirira kutsatira mkulu wake, ine ndili kumunda wa mpunga, ndimusiye ndi ndani?”)

Mwafunsa bwino mayi, khalani pansi. Nanenso ndine kholo, kulira kumeneko ndikukudziwa. Koma taonani zimene zimachitika. Mwana wa zaka 4 sagwira bwino pensulo, dzuwa likakwera wagona, nthawi zina wadzikodzera, ndipo mkulu wake uja amasiya kuphunzira n'kumakamutsuka kumjigo. Mwataya awiri pamenepo. Chaka chikatha abwereza, chinacho abwerezanso, pofika zaka 6 sukulu yamukola kale. Malo ake ndi kumkombaphala. Ngati ya m'mudzi mwanu inafa, nkhani ndi imeneyo, a Gulupu ali pompano, muidzutse, amayi muzisinthana masiku. Kale tinkati mwana apitirize dzanja pamutu agwire khutu la mbali inayo. Njira imeneyo inanamiza ambiri, poti ana ena ndi aafupi chibadwire. Bweretsani kabuku ka kusikelo kapena chiphaso cha kubadwa, tiwerenge tokha. Zaka 6, mayi. Osati 4, osati 10.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mwana akadwala tumizani mawu m'mawa womwewo. Akajomba masiku atatu popanda mawu, a mother group, gulu la amayi loyang'anira ana a sukulu, afika pakhomo panu, musawathamangitse. Mtsikana amene anabereka ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi, ndipo ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu. Eni mabwato, mwana wa yunifolomu asakwere bwato lanu. Pa buleki tiziwerenganso ana polowa, kalasi iliyonse. Zaka 6, ndipo asajombe.

Njerwa zija tinaumba chilimwe chatha zikungonyowa kuseri kwa ofesi. Lolemba m'mawa mudzi uliwonse ubwere ndi ndowa, tikatute mchenga, amene muli ndi ngolo mutithandize. A Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.