John Boyd, msilikali amene ankadana ndi ndege yonenepa

Zikomo amfumu, zikomo makolo athu, nanunso achinyamata amene mwadzaza kumbuyoko. Mawu akufika? Chabwino.

Anandipempha kuti ndifotokoze za injiniya uja amene sakonza chitsulo chimodzi koma amaona makina onse pamodzi, kuti injini, mapiko, mafuta ndi munthu woyendetsa zigwirizane. Ndikayamba ndi matanthauzo mugona, ndiye bola ndikuuzeni za munthu mmodzi, John Boyd wa ku America.

Boyd anabadwa mu 1927 mumzinda wa Erie, ku Pennsylvania. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, analeredwa ndi mayi okha. Atakula anaphunzira kuyendetsa ndege zankhondo, ndipo mu 1953 anapita ku nkhondo ya ku Korea ndi ndege yotchedwa F-86. Anafika nkhondo ili kumapeto, sanagwetse ndege ya mdani ngakhale imodzi. Koma anabwerako ndi funso. Ndege ya adani awo, MiG-15 yopangidwa ku Soviet Union, inkakwera msanga komanso kufika pamwamba kuposa F-86. Nanga bwanji F-86 ndiyo inkapambana kawirikawiri? Funsoli analisunga zaka zambiri.

Atabwerera kwawo anakhala mphunzitsi pasukulu ya oyendetsa ndege zankhondo ku Nellis, m'chipululu cha Nevada. Kumeneko anali ndi kubetcha kwake. Ankati, iwe khala kumbuyo kwanga, pamalo pabwino powombera, ndipo pasanathe masekondi 40 ndikhala ine kumbuyo kwako. Ndikalephera ndikupatsa madola 40. Ndege yake ankaiimika chagada mumlengalenga kuti liwiro lithe mwadzidzidzi, mnzake uja n'kungodutsa fyuu, kutsogolo. Mpaka anamupatsa dzina la masekondi 40 omwewo. Mu 1960 analemba buku lofotokoza mapindidwe a ndege pomenyana, kuti mdani akachita chakuti, iwe uyankhe chakuti.

Apa ndi pamene ndikufuna achinyamata mutchere khutu. Munthuyu anali katswiri kale, wotchuka, wa banja ndi ana, zaka zopitirira 30. Koma anaona kuti zimene manja ake akudziwa sangathe kuzifotokoza kwa anthu opanga ndege, chifukwa iwo amamva masamu basi. Anabwerera pabenchi ku Georgia Tech, n'kumaliza digiri ya uinjiniya mu 1962. Ali konko, akuvutika ndi phunziro la kutentha ndi mphamvu, m'pamene mutu unatseguka.

Akabaza muli pano mumvetsa msanga. Ukakhala pamwamba pa chitunda uli ndi mphamvu yosunga. Ukatsetsereka mphamvuyo imasanduka liwiro, ndipo liwirolo limakukweza tsidya linalo osapalasa kwenikweni. Koma ukamanga matumba atatu a chimanga pakaliyala, chitunda chomwecho umatsika n'kumakankha. Boyd anati ndege nayonso ndi choncho: kutalika ndi liwiro ndi chuma chimodzi, ndipo kukhota kulikonse kumadya chumacho. Masamu ake ndi awa. Tenga mphamvu imene injini ikukankha, chotsapo mphamvu ya mpweya imene ikubweza ndege, chulukitsa ndi liwiro, kenako gawa ndi kulemera kwa ndegeyo. Chotsalacho chikuuza ngati ndege ikupeza mphamvu kapena ikutaya. Onani pamene pali kulemera: ndiko kukugawa zonse. Ndege ikanenepa, china chilichonse chimachepa.

Kuwerengera zimenezi paliwiro lililonse ndi kutalika kulikonse si ntchito ya pensulo. Ku Eglin, ku Florida, anapalana ubwenzi ndi katswiri wa masamu, Thomas Christie, ndipo awiriwa ankagwiritsa ntchito kompyuta ya pamalopo popanda chilolezo, poti nthawi imeneyo kompyuta inali yodzaza chipinda ndipo ola lililonse linali lodula. Nkhani inafufuzidwa, koma sanalangidwe. Musakachite zimenezo kuntchito kwanu n'kumati ndinakuuzani ine! Zotsatira zake zinawawa akuluakulu: zojambula zawo zinaonetsa kuti ndege zina za Soviet Union zinali ndi mpata waukulu woposa za America pomenyana pafupi.

Ndiye anamuitana ku Pentagon, kulikulu la asilikali, kumene ankakonza ndege yatsopano imene inadzakhala F-15. Anapeza mapulani a chindege cholemera pafupifupi matani 27, cha mapiko osuntha. Aliyense anali ataikapo chake, wina chida ichi, wina chida icho, ngati minibasi imene kondakitala akungoti pali malo. Boyd anamenya nkhondo m'maofesi mpaka mapiko osunthawo anachotsedwa ndipo kulemera kunatsika kufika cha m'ma 18. Kwa iye inali ikadali yonenepa. Iye ndi anzake, Pierre Sprey, Everest Riccioni ndi Harry Hillaker wa kampani ya General Dynamics, anakankha zoti papangidwe ina yaing'ono, ya injini imodzi. Imeneyo ndi F-16, imene inauluka koyamba mu 1974.

Mukaiona pachithunzi, yang'anani pamene pamakhala woyendetsa. Galasi lake ndi lotukuka ngati dontho la madzi, amaona mbali zonse. Mpando ndi wopendekera kumbuyo kuti thupi lipirire pokhota mwamphamvu. Chowongolera chili kudzanja lamanja, osati pakati pa miyendo, ndipo chimatumiza uthenga pawaya kupita ku kompyuta imene imasuntha tizigawo towongolera ndege ta pamapiko ndi kumchira. Mukukumbukira funso la ku Korea lija? Yankho la Boyd linali lomweli: woyendetsa F-86 ankaona bwino kunja, ndipo zowongolera zake zinkamvera msanga, choncho ankasintha zochita mnzake asanazindikire. Ndiye kuti munthu ndi mbali ya makinawo. Kuchokera pamenepo anadzaphunzitsa zinthu zinayi zimene zimazungulira: kuona, kumvetsa chimene waonacho, kusankha, kuchita. Amene akuzungulira msanga amasokoneza mnzake.

Sindikufuna mumuyese mngelo. Anali waukali, wotukwana, wolozaloza akuluakulu chala pachifuwa, ndipo ankaimbira anthu foni pakati pausiku kuti akambirane masamu. Banja lake, mkazi ndi ana asanu, linakhala zaka zambiri m'kanyumba kopanikiza, bambo mtima uli kuntchito. Pamenepo ine sindimuyamikira. Anapuma usilikali mu 1975 ali Colonel, sanafike pa General. Ndipo F-16 yakeyo, akuluakulu atailandira anayambanso kuisenzetsa mabomba ndi zida zina, iye n'kumadandaula. Komabe zapangidwa zoposa 4,500 ndipo mayiko ambiri akuziulutsabe.

Anamwalira ndi khansa mu 1997, n'kuikidwa kumanda a asilikali ku Arlington. Pamaliropo a gulu lake la ndege anabwera ochepa. Amene anadzaza anali a gulu la Marines, asilikali omenya nkhondo pamtunda ndi panyanja, omwe anatengera maphunziro ake a kamenyedwe ka nkhondo, ndipo mapepala ake mpaka lero akusungidwa kwa iwo ku Quantico.

Ndaona dzanja kumbuyoko kwa nthawi ndithu. Imirira mwanawe, ufunse mokweza kuti agogo amve nawo.