Makalata anu: za mayi Omobola Johnson ndi mpamba wa makampani ongoyamba kumene

Moni omvera nonse kulikonse komwe muli. Sabata yatha tinakamba za mayi Omobola Johnson a ku Nigeria, aja anali nduna ya zaukadaulo wa mauthenga kuyambira 2011 mpaka 2015 m'boma la Goodluck Jonathan, kenako nkulowa TLcom Capital, kampani yoika mpamba m'mabizinesi a tekinoloje ongoyamba kumene. Makalata abwera ambiri ndithu, lero ndasankhapo atatu.

Yoyamba ndi ya bambo ena a ku Mchinji, akuti: "Aulutsi, ine ndamvetsera bwinobwino koma sindikuona kusiyana kwake ndi katapila. Munthu angokupatsa ndalama zankhaninkhani opanda chikole, ndiye zake azipeza bwanji? Kwathu kuno ukalephera kubweza amabwera kudzatenga njinga."

Bambo, apa mwafunsa zenizeni. Iyi si ngongole ayi, palibe chiwongola dzanja cha pamwezi. A TLcom amagula gawo la kampani yomwe aikamo ndalamayo, masheya, ndiye bizinesi ikagwa ndalama zawo zapita basi, sabwera kudzazula malata. Zimachitikadi, mu 2020 TLcom inaika 1 miliyoni ya madola mu Okra, kampani ya ku Lagos yolumikiza maakaunti a kubanki ndi maapu, ndipo pofika 2025 Okra inatseka. Chomwe amadalira nchoti mwa makampani onse omwe aikamo, awiri atatu akule kwambiri moti akadzagulitsa masheya patatha zaka, phindu lidzakwirire zotayika zija. Ndalamazonso si za m'thumba mwa mayi Johnson, amakazipempha ku mabungwe akuluakulu a zachuma ngati IFC (nthambi ya World Bank) ndi European Investment Bank, thumba lawo loyamba la ku Africa linakwana 71 miliyoni ya madola mu 2020, lachiwiri 154 miliyoni mu 2024. Koma musaganize kuti ndi zaulere bambo, ukalandira ndiye kuti kampani si yako wekha, amakhala nawo pa bodi ndipo mabuku amawafuna mwezi ndi mwezi.

Yachiwiri yachokera ku Zomba, kwa mayi omwe ndi mphunzitsi: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, wailesi ikawonongeka amaimasula yekha ndi mpeni wa kukhitchini mpaka ilankhule. Azakhali ake akuti za magetsi nza amuna, achite unamwino. Tinamvera limodzi pulogalamu ija ndipo wakhala akundifunsa kuti mayiwa anayamba bwanji."

Mayi, kalata iyi yandikhudza kwambiri, ndipo mwanayo mumupatse moni wanga. Mayi Johnson anayambira pomwe mwana wanu waimapo. Anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku University of Manchester, nkupitiriza ku King's College London, kenako mu 1985 analowa ntchito ku Andersen Consulting yomwe pano imatchedwa Accenture, kampani yopereka upangiri kwa makampani ena, ndipo anakhalako zaka zoposa 20 mpaka kukhala mkulu wa ofesi yonse ya ku Nigeria. Pakati pomwepo mu 2001 iwo ndi anzawo anayambitsa WIMBIZ, bungwe lokweza amayi m'maudindo ndi m'mabizinesi. Ali nduna ndipomwe Nigeria inatulutsa ndondomeko yofalitsa intaneti yothamanga ya 2013 mpaka 2018. Ine chimene chimandigwira mtima nchoti atasiya unduna ali ndi zaka zoposa 50, munthu woti akanangopuma nkumaitanidwa kumisonkhano, anasankha kukakhala pa tebulo limodzi ndi anyamata ndi atsikana omwe katundu wawo yense ndi laputopu ndi maganizo, nkumawerenga nawo manambala. Wachinyamata amadziwa kulemba pulogalamu ya pakompyuta koma sadziwa kulemba ntchito anthu 200, sadziwa khomo loti agogode kuboma layisensi ikavuta, mayiwa zonsezo anadutsamo ndipo kwa ine zimenezo nzolemera kuposa cheke chomwe amasaina. Unamwino ndi ntchito yaulemu, koma mwana womasula wailesi musamulande sikuludiraiva, masamu ndi physics alimbikire.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Lilongwe, akuti: "Ine ndi mnzanga tapanga apu yolumikiza alimi a soya ndi ogula, tili ndi alimi ochepa omwe akuigwiritsa ntchito. Kodi anthu ngati amenewa angationeko ife a kuno, kapena nza ku Lagos ndi Nairobi basi?"

Achimwene, sindikunamizani, njira yake ndi yokwera. Maofesi a TLcom ali ku Lagos, Nairobi ndi London, ndipo amayang'ana msika waukulu, Nigeria yokha ili ndi anthu oposa 200 miliyoni pomwe ife tili cha m'ma 20 miliyoni, kuonjezera apo iwo amaika madola ndiye kwacha ikagwa phindu lawo limasungunuka. Koma taonani kampani ya Pula, yomwe a TLcom pamodzi ndi anzawo anaikamo 6 miliyoni ya madola mu 2021, iwo ali patsogolo. Ija ndi inshuwalansi ya alimi ang'onoang'ono, imaphatikizidwa ku mbewu ndi feteleza, amayeza zokolola za dera lonse ndipo zikatsika alimi amalipidwa. Ili ku Nairobi koma inafika mpaka kwa alimi a ku Zambia kuseri kwa Mchinji komweku. Ndiye funso lomwe adzakufunseni ndi lakuti apu yanuyo ingagwirenso ntchito ku Chipata ndi ku Tete? Pakadali pano lembani chilichonse, matumba angati adutsa kwa inu, mlimi wapeza zingati, angati abweranso nyengo yachiwiri. Mukamaliza kugula soya chaka chino mundilemberenso, manambalawo ndidzawawerenga pano.