Musanakhome zikhomo: kusankha malo omangapo nyumba kumudzi

[Chithunzi: m'mamawa mwezi wa Julaye, nkhungu itagona m'dambo]

Taonani nkhungu iyo. Yadzaza dambo lonse, pomwe kumtunda kuno dzuwa lawala kale. Mudzi ndi umodzi, mfumu ndi imodzi, koma wogona kumunsi uko ndi wogona kuno akumva nyengo ziwiri zosiyana. Ngati a mfumu kapena eni mbumba akulozerani malo, kapena muli ku Joni mukutumiza ndalama za njerwa, imvani izi maziko asanakumbidwe.

Usiku kumwamba kukayera, nthaka imataya kutentha msanga. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha potsika. N'chifukwa chake ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzimba chisanu chimawaula tomato wa m'dimba mu Juni ndi Julaye, wa kumtunda ali bwinobwino. Nyumba ya m'mphepete mwa dambo imalandira kuzizira komweko, kuphatikizapo chinyontho ndi udzudzu.

[Chithunzi: dzanja likufinya dothi lakuda lonyowa, kenako khoma long'aluka]

Dothi ili ndi makande. Mvula ikagwa limafufuma, mu Okutobala limauma n'kung'ambika mpaka dzanja kulowa. Maziko amasuntha nalo limodzi chaka ndi chaka, ndipo mng'alu uwu wayambira pakona ya zenera kukafika pansi. Eni ake amata kangapo, koma umabwereranso. Chimbudzi cha pamalo otere chimadzaza madzi mu Febuluwale, nthawi zina n'kugwa. Katondo wa pamtunda alibe vuto limeneli.

Ndiye tikwere pamwamba penipeni? Ayi ndithu. Kumeneko mwera umakupezani popanda chotchinga kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mphepo ya mvula zoyamba ndi imene imasasula malata. Kwa ine malo abwino ndi pakati pa chitunda chotsetsereka pang'ono, pomwe madzi amadutsa osaima, kumbali yobisika ku mphepo.

Mbali ya phiri ili ndi kanthu. Ku Mulanje, mbali ya kumwera imalandira mvula yambiri, n'chifukwa chake tiyi amakondwa kumeneko. Mukazungulira kupita ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomwelo, mvula imachepa. Kaphiri ka kwanu kamachitanso zomwezo, pang'ono chabe. A ku Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba mukudziwa mbali yomwe chiperoni imalowera: kumwera chakum'mawa. Khoma la zidina loyang'ana kumeneko limanyowa masiku angapo osauma. Lipatseni denga lotuluka kwambiri, ndipo khomo lalikulu musaliike mbali imeneyo.

[Chithunzi: khwawa louma m'munsi mwa phiri, miyala ikuluikulu ili mbwee]

Apa ndiye ndikupempheni mumvetsere. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo zomwezo zinachitika ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu mazanamazana anamwalira, ena sanapezeke mpaka lero. Khwawa ngati ili m'chilimwe limaoneka lofatsa, ana amaseweramo. Koma dzifunseni: mwala waukulu chonchi unafika bwanji pano? Unabwera ndi madzi, ndipo njira yake ikadali yomweyi. Yang'ananinso mitengo yopendekera kumunsi, ming'alu pa nthaka ya m'phiri, ndi madzi otumphuka pomwe kale panalibe kasupe. Mukaona zimenezi, malowo akaneni mwaulemu, ngakhale akhale a makolo.

Ku Nsanje ndi ku Chikwawa funso n'lina. Pitani kwa agogo a m'mudzimo mukafunse kuti, "Agogo, madzi a 2015 anafika pati?" Akulozerani mtengo kapena chulu. Inu mumange pamwamba pa pamenepo, pamaziko okwera.

[Chithunzi: mmisiri akukoka chingwe pakati pa zikhomo]

Mukakhutira ndi malo, kambiranani ndi mmisiri za dzuwa. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera. M'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, choncho limalowa pazenera n'kufunditsa m'nyumba. Khoma lakumadzulo ndilo limawotcha chipinda masana a Okutobala: likhale lalifupi, ndipo mbali imeneyo mubzale mango. Bulugama mum'talikitse, amamwa madzi kwambiri ndipo nthambi zake zimathyokera padenga. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30.

Ambiri amaona malo mu Seputembala, kutauma, paliponse pakuoneka pabwino. Kaoneninso mu Febuluwale mvula yamphamvu itangokata, muyende wapansi kutsatira komwe madzi adutsa, kenako mubwerere m'bandakucha wa Julaye. Ngati muli kunja, tumani m'bale wokhulupirika akujambulireni pafoni masiku amenewo, ndipo njerwa zidikire kaye pauvuni.